Sikelo ya Kushedi Yakupsa

Izi anandiuza Anotida, mtsikana wamakompyuta pa esiteti ya tiyi, tili mu kombi, minibasi ya ku Hauna.

Pulogalamu yake imasandutsa maadiresi a masikelo oyezera tiyi pa netiweki kukhala manambala owerengeka. Koma nthambi zake, zigawo zoona sikelo iliyonse, zinkalemba pamalo amodzi nthawi imodzi, n'kumafufutirana. Bwana anati ikasokonezanso mawa, ntchito yatha.

Kutangoda anakaikonza, nthambi iliyonse malo akeake. Masikelo anayi anaoneka bwinobwino, iye n'kuvina yekha muofesi. Kenaka panatulukira adiresi yachisanu, ya kushedi yomwe inapsa chaka chatha othyola tiyi ali mkati. Makilo akukwera.

"Sekuru, ndinangoti ndalakwitsanso," anatero akuseka, kunditchula agogo m'chinenero chakwawo. "Ndinaimbira mlonda. Anati, 'Pulogalamu yako ili bwino, mwanangu. Usazimitse. Othyola tiyi aja ali pamzere ndi madengu awo, akuimba.'"