Makalata Awiri a Pulofesoli Hilário

Panali munthu wina dzina lake Hilário, pulofesoli, ndiye kuti mphunzitsi, wa ku Tsangano ku Mozambiki, amene anakwatira chikamwini ku Ntengo-Wambalame. Nkhaniyi ndi yoona, wokayika akafunse.

Mu 1985, nkhondo ili m'kati, analandira makalata awiri. Ina inkamuitana ku univesidade, sukulu ya ukachenjede, ku Maputo: zaka zinayi osaponda kumudzi, koma kunali pogona, magetsi, ndi nyumba yodzaza mabuku mpaka kudenga. Inayo inali ya sukulu ya aphunzitsi ku Tete, kotentha, buku limodzi anthu khumi, koma kufupi.

Mtima wake unali ku Maputo. Ankawerenga kalatayo mpaka inang'ambika mopindamo. Anapita kwa mlamu wake Simão kukapempha kuti atenge mkazi ndi ana.

"Alamu, munabwera kuno ndi chikwama chokha," anatero Simão. "Anawa ndi mbumba yanga. Mukachoka zaka zinayi, mlongo wathu timukwatitsa kwina. Nanga mbatata azikumba ndi mabuku?"

Marta, mkazi wake, anamukokera kuseri kwa nkhokwe.

"Pitani kutali komweko, bambo. Achimwene ndithana nawo ndekha. Msewu wa ku Tete mukuudziwa, ndipo aphunzitsi ndiye akusakidwa."

"Zaka zinayi, Marta? Ana adzandiyesa mlendo."

"Bola mlendo wamoyo."

Hilário anaseka, koma poopa kulandidwa banja anasankha Tete.

Kumeneko Hilário akakumana ndi munthu wochokera ku Maputo ankamufunsa, "Kodi n'zoona kuti buku amakubwereka n'kupita nalo kuchipinda?"

Tchuthi chilichonse ankakwera koluna, mzere wa magalimoto woperekezedwa ndi asilikali, kuti alamu asamunene kuti wathawa munda. Anayenda katatu. Kachinayi, nyengo yokumba mbatata, anthu a mfuti anadikirira koluna ija patsinde pa phiri. Marta anayima pamsewu masiku asanu ndi atatu, akusuzumira m'galimoto iliyonse. Maliro anawalira opanda mtembo.

Pamaliropo Simão anaimirira n'kunena kuti, "Tinkamuuza ife kuti sukulu ikachuluka imapha."

Patangotha miyezi iwiri, mudzi wonse unathawira ku Malawi. Munda uja unamera tchire, ndipo ana a Hilário sukulu anaisiyira panjira.

Nkhondo itatha anthu anabwerera kumudzi, ndipo Simão alipo mpaka lero, wonenepa. Mwana wake wamkazi ali ku univesidade ku Maputo, ndipo amadzitama naye pamsika wa Tsangano. Mtsikanayo akabwera, Marta amamuitanira pakhonde, n'kumufunsa motsitsa mawu, "Tandiuza mwanawe, nyumba ya mabukuyo ndi yaikulu bwanji?"

Phunziro: Posankha kokaphunzira, kufupi si kotetezeka ayi. Mverani amene adzakulirani, osati amene akungofuna manja anu kumunda. Tumizani nkhaniyi kwa ena, makamaka kwa amalume amene amatsekera ana a eni njira pamene awo akuwatsegulira. Aiwerenge, manyazi awagwire.