Nyanja ya Pansi pa Munda

"Thirani msanga, galimoto ya alendo yakhota kale!" anakuwa mlimi wa tomato, mkazi wake ali pamakwerero kukhuthulira ndowa yomaliza m'thanki.

Chigulireni pampu ya sola, bamboyo ankaisiya ikupopa tsiku lonse, ati dzuwa ndi laulere. Zitsime za anzake zinauma, kenaka mjigo wakenso unayamba kutsokomola mpweya wokhawokha. Tsono lero kunkabwera alangizi a ulimi wamthirira, ndiye mayi ndi ana anakhalira kutunga kumtsinje wakutali kuti bambo asachite manyazi.

Alendo atafika, bamboyo anatsegula mpopi monyadira. Madzi anangoti phwaa, mayi akuonerera thukuta lake likumwedwa ndi dothi.

"Saphwa amenewa?" anafunsa mkulu wa alangizi.

"Olo pang'ono, bwana! Pansi pano pali nyanja."

"Mwatithandiza, bambo," anatero mkuluyo mokhutira. "Timati tikumangireni damu losunga madzi a mvula kuno, koma basi tikamangira amene akuvutikadi."

Galimoto itachoka, mayiyo anaika ndowa ndi nkhata pamapazi pa mwamuna wake.

"Katungeni m'nyanja mwanu muja, bambo. Anawa sanasambe."