Dzanja M'kamwa mwa Kavalo

Ku Mlolo, m'boma la Chadiza, kunali munthu wina dzina lake Luciano. Anali ndi kavalo amene anagula kwa abale ake ku Mozambique, ndipo ankamukonda kuposa ng'ombe zake zonse.

Tsiku lina kavaloyo anadzuka akudzandira, dovu lili chuchuchu. Malita, mkazi wa Luciano, anaimbira foni a Evance, alangizi a ziweto.

A Evance atafika anavala magolovesi. Anamuyendetsa kavaloyo mozungulira, miyendo yakumbuyo n'kumapingana. Atamukoka mchira cham'mbali, kavaloyo anatsala pang'ono kugwa. Anamuopseza ndi dzanja pafupi ndi diso, koma sanaphethire.

"Bambo, vuto si miyendo. Lili mu ubongo kapena mumsana," anatero. "Sindikunena kuti ndi chiwewe, koma chingakhale. Mumangeni payekha, ndipo kukamwa kwake musafikeko."

Masana kunadutsa mlendo wina wogula mbuzi. Ataona kavaloyo n'kumva zimene alangizi ananena, anaseka.

"Achimwene, akuopsezani chabe alangiziwo. Watsamwidwa ndi chitsononkho ameneyu. Pisani dzanja muchotse, apo ayi afa inu mukuonerera."

Luciano zinamupweteka kuona chiweto chake chikulephera kumeza. Malita atapita kumjigo, iye anapinda malaya n'kupisa dzanja mpaka m'chigongono. Sanapezemo kanthu. Potulutsa, mano anamucheka pamkono. Anapukuta ndi udzu, n'kubisa balalo m'malaya chifukwa cha manyazi.

Kavaloyo anafa. A Evance anatumiza mutu wake ku Chipata kuti akauyeze, ndipo yankho linachedwa. A Evance atabwera nalo sanakhale n'komwe pansi.

"Ndi chiwewe. Alipo amene anakhudza dovu lake?"

Luciano anangoti zyoli. Malita anamuyang'ana.

"Bambo a Elinata, malaya aatali manja dzuwa lonseli? Tapindani tione."

Kuchipatala namwino anamubaya jakisoni woyamba, koma sanamubisire.

"Mukanatsuka ndi sopo n'kubwera tsiku lomwelo. Majakisoni timaliza, koma chiwewe chikafika mu ubongo munthu amalephera ngakhale kumeza madzi, ndipo pamenepo palibe mankhwala. Tidikira."

Mpaka pano akudikirabe. Luciano akanyamula kapu ya madzi, Malita amasiya zonse n'kuyang'anitsitsa pakhosi pake.

Phunziro: Chiweto chikamadzandira ndi kuchucha dovu, musapise dzanja m'kamwa mwake. Mverani amene wachiyeza, osati wongodutsa. Chikakulumani, tsukani bala ndi sopo n'kupita kuchipatala tsiku lomwelo. Atumizireni nkhaniyi anzanu oweta ziweto.