Bawuti Wolira Bwino

Pachiguduli pamene Blasius anandanditsa mabawuti omangira manifodi, chitoliro cholowetsa mpweya mu injini, panali mpata. Bawuti wamtali uja panalibe. Anamuvutikira bawuti ameneyo, kufukula milu ya zitsulo zakale kusiteshoni ya Balaka mpaka kupeza wa mazinga ogwirizana ndi lole ya Mmwenye wina imene ankaikonza.

Ndiye kutchalitchi kunamveka kuti nge! nge! nge!

Anathamangira komweko, manja ali bii ndi oyilo. Patsinde pa mtengo wa mango, amalume ake, a Ambrose akatekisiti, ankamenya chidutswa cha njanji chomwe chinali belu la mpingo. Tsikulo linali la ukwati wa mwana wawo.

"Amalume, chili m'manja mwanucho mwachitenga kuti?"

"Pachiguduli pako. Ndinayesa angapo, koma uyu ndiye akulira bwino. Watsala nawo ambirimbiri, ukudandaula chiyani?"

Blasius anawalanda bawutiyo. Mazinga onse anali ataphwanyika, thupi lili see ngati msomali. Popanda ameneyu manifodi ikanangoyamwa mpweya m'mbali, injini n'kumatsokomola osadzuka.

"Chitsulo chilichonse kwa inu ndi choimbira belu? Kufunsa kokha kunakuvutani?"

"Iwe, usandikwezere mawu, anthu akusonkhana. Nanga lole ija sinanyamukebe? Mkwatibwi akudikira ku Phalula."

Blasius anawabwezera bawutiyo m'manja, n'kuwafumbatitsa.

"Imbani ndithu, amalume. Imbani mwamphamvu amve konko ku Phalula, auyambe wapansi."