Mipando Iwiri ya Pakati

Holo ya kanema pa boma la Nsanje inatsekedwa chaka chimene mwini wake, mmwenye, anasamukira ku Limbe. Amene anaigula ankafuna kusungiramo thonje, ndipo anandipatsa ganyu yozula mipando yonse. Dzuwa la Okutobala silinkalola ntchito masana, choncho ndinapita litalowa, nyali ndi sipanala zili m'manja.

Mipando ya mmenemo imapindika yokha munthu akanyamuka. Yonse inali yopindika, kupatula iwiri ya pakati. Pa umodzi panakhala bambo Lorenso, amene ankasesabe holoyo popanda wowalipira. Winawo unali wotsika, koma wopanda munthu.

Mkuluyo ankayang'ana khoma loyera lakutsogolo, akunong'ona m'Chisena. "Wakwera hatchiyo ndi mchimwene wake. Musaope, safa ameneyo."

"Bambo, mukulankhula ndi yani?"

"Ndi akazi anga, mayi Agnesi. Chizungu sankachimva, ndiye ine ndinkawamasulira. Matenda anawatenga tisanaone mathero a kanema uyu." Anayang'ana sipanala ija. "Zula yonse, mwananga. Iwiri yokhayi utisiyire."

"Andiuza kuti pasatsale ndi umodzi womwe," ndinatero, ndikuyandikira kuti ndione mabawuti ake.

"Sunthako pang'ono. Wawatchinga."

Ndinasuntha, pakuti wamkulu satsutsidwa. Mpando wopanda munthuwo unalira pang'ono, monga umachitira munthu akatsamira atatopa ndi kusuzumira. Ndinaika sipanala pansi, osafuna kuwasokoneza.

Kenako mpando wachitatu, pafupi ndi bondo langa, unatsika wokha.