Mzere Wachiwiri

A Mafayilo anatsinzina n'kulowetsa kathonje m'mphuno. Anazunguliza kasanu uku, kasanu uku, misozi ili chuchuchu. Atadonthezera madontho atatu pa kachida koyezera, anakaika pampando n'kuyang'ana wotchi. Zinali mphindi khumi ndi zisanu zokha, koma kwa munthu wodikira zimatalika ngati mlaliki amene wanena kale katatu kuti "pomaliza".

Linali tsiku lachisanu ndi chitatu ali m'nyumba. Dzina loti a Mafayilo anawapatsa ndi anthu a kuntchito, popeza ndiwo amasunga mafayilo akale m'chipinda chapansi, kuseri kwa mashelefu. Fayilo ikatha ntchito, amaidula mzere ndi cholembera chawo chofiira n'kuiika pamalo pake. Zaka khumi ndi zinayi sanasocheretse ndi imodzi yomwe, ndipo sanajombepo mpaka pamene chimfine choopsachi chinawagwetsa.

Malamulo a kuntchito anali pa pepala limene anamata kuseri kwa chitseko. Wopezeka ndi kachilombo akhale kunyumba masiku asanu. Kenako azidziyeza m'mawa uliwonse n'kutumiza chithunzi cha kachida koyezerako. Ikatuluka mizere iwiri, akhalebe kunyumba, ndipo masiku onse okhala kunyumbawo, kuyambira loyamba, a ku ofesi yoona za antchito azimuimbira foni naini koloko kuti amve m'mene wadzukira. Ukatuluka umodzi, thupi osatentha, abwerere pantchito atavala masiki, nkhani yatha.

Kunena zoona, kusungulumwa kunali kutawafika m'khosi. Akazi awo anatisiya zaka zitatu zapitazo, koma kapu yawo yobenthuka inali pomwepo pazenera, ndipo a Mafayilo ankaitsuka ngakhale palibe wamweramo. Mwana wawo yekhayo anakwatiwa kutali. Atamuuza za matendawo, anayankha ndi kachithunzi ka manja opemphera, basi. Aneba ankakoleka buledi pa chogwirira chitseko, kugogoda kamodzi n'kuliyatsa liwiro. Pamene a Mafayilo amatsegula, ankangomva masilipasi akukhota pakona.

Malaya a kuntchito anali atawasita kale kawiri. Anali pamsomali, kolala ili chilili, cholembera chija chili m'thumba. Nsapato anazipolisha mpaka zinayamba kuonetsa nkhope. M'mawa uliwonse ankaima pazenera kuonerera anthu akuthamangira basi, wina akumangirira lamba panjira, wina akukalipira mwana wozengereza. Ankawasirira onsewo, ngakhale wokalipiridwayo.

Anasuzumira pa kachida kaja. Timadzi tinali tikukwera pang'onopang'ono. Kunatsala mphindi zisanu ndi zinayi.

Amene ankaimba foni anali mayi wina wa mawu osasa pang'ono, woseka msanga. Tsiku loyamba anafunsa mwamanyazi kuti, "Pepani bambo, mumagwira chigawo chiti kodi? Nkhope yanu sikundibwera."

"Pansi, mayi, kumafayilo."

"Aa, kani kumakhala munthu kumene kuja? Ine ndimaona ngati mafayilo amadzisanja okha!"

Anaseka onse awiri, a Mafayilo mpaka kutsokomola. Tsiku limenelo mayiyo anangofunsa za pafomu: kutentha thupi, chifuwa, kupuma. Tsiku lachitatu anawonjeza funso limene silinali pafomu, loti ngati adya. Tsiku lachisanu a Mafayilo anapezeka akufotokoza za kapu yobenthuka, mayiyo akumvetsera, kenako naye n'kunena za malemu bambo ake amene ankakana mankhwala ngati mwana.

Dzulo mayiyo anawalimbitsa mtima. "Musadandaule bambo, mawa utuluka umodzi, muona. Mukangotumiza chithunzi ndikuchotsani pa mndandanda, mupume kuvutitsidwa ndi mafoni angawa. Malo anu akukudikirani, palibe wakhudza."

"Mulungu akalola, mayi," anayankha motero.

Kunatsala mphindi zitatu. A Mafayilo anadzigwira pamphumi, panali pozizira bwinobwino. Anakoka mpweya wambiri, chifuwa sichinalire. Anayenda kuchoka pabedi kukafika pachitseko, n'kubwerera, mapazi asanu ndi limodzi amene anali atawawerenga kambirimbiri sabata imeneyi. Mtima unkagunda ngati wa mwana wodikira zotsatira za mayeso.

Nthawi itakwana, anatola kachida kaja n'kupita nako pazenera pamene pali kuwala. Anavala magalasi. Anakapendeketsa uku ndi uku, kufufuza ngakhale kamthunzi.

Mzere unali umodzi, woonekeratu, wopanda mnzake.

Anapumira m'mwamba. Anayang'ana pepala la malamulo, n'kuyang'ana nsapato zonyezimira zija. Kenako anapita pamsomali pamene panali malaya.

Malayawo anawasiya pomwepo, anangosolola cholembera chofiira. Anakhala pampando, n'kudula mzere wachiwiri pa kachida kaja mosamala, wowongoka bwino ngati wa dzulo ndi wa dzana, n'kutumiza chithunzi. Atatero anaika foni pabondo kudikira naini koloko, chifukwa m'chipinda chapansi chija, zaka khumi ndi zinayi zonse, palibe anawafunsapo kuti mwadzuka bwanji.