Chingwe Chofiira pa Mtengo wa Amayi

Masiku ano munthu sakumba maziko woyeza mizu asanabwere. Kwathu kunabwera mayi Nankhoma ndi kachipangizo komvetsera pansi, nazunguliza chingwe chofiira patali ndi mtengo wa mapeyala umene malemu amayi anadzala.

"Chingwe chanuchi chandidyera chipinda chogona," ndinadandaula. "Nthambi sizifika kuno."

"Mizu imapitirira nthambi, achimwene. Timizu tomwera madzi tili pamwamba pomwepa. Mukapondetsa lole, tibanika, mtengo n'kuuma."

Zimenezo ndinaziphunzira kukoleji ndisanasiye sukulu kuti ndidzadwazike amayi. Ndinangoziiwala dala.

Nyumba ikutuluka yokhota, anzanga akuseka. Aseke. Mtengo wachita maluwa, ndipo mumtima ndimawathokoza mayi Nankhoma aja. Njerwa ndimasenza pamutu, kulambalala chingwe, monyang'ama ngati kale lija amayi akagona.